Chopumira Chachikasu

Azilamu awo anawapatsa dzina loti a Ulemu chaka chisanathe n'komwe pabanja, ndipo dzinalo linawakakamira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Anali bambo wotsegulira mkazi chitseko cha galimoto ngakhale mvula ikuwakhuthukira pamsana. Poyenda mumsewu, iwo ankakhala mbali ya magalimoto. Nkhuku ikaphikidwa, ntchafu zonse ziwiri zinkapita m'mbale ya mkazi wawo, make mapasa, iwo n'kumati amakonda khosi. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ankadziwika kuti sakalipa. Wophunzira akalunjika pa mtengo wamagetsi, a Ulemu ankangoponda buleki ya mbali yawo n'kunena kuti, "Tiyeserenso."

Make mapasa ankayeza anthu maso m'kachipinda kamdima kuseri kwa sitolo ya magalasi. Tsiku lonse ankasuzumira ndi katochi m'maso mwa anthu osawadziwa, ndipo ankazindikira msanga munthu amene akungolota zilembo za pakhoma pomwe sakuziona.

Mapasa atapita kusukulu yogonera komweko, nyumba inakula. Tsiku lina a Ulemu anabwera kuntchito foni ili m'manja, akuonetsa anthu ovala zamphira akuyandama pakati pa nsomba.

"Mayi, tiphunzire kuyenda pansi pa madzi."

"Pamtunda pano mwamaliza?"

"Ndidzakusamalani," anatero a Ulemu, ndipo make mapasa sanakayike.

Kosi yoyamba ankachitira m'dziwe losambiramo la hotela ina, m'mawa alendo asanadzuke. Wowaphunzitsa anali mayi wamfupi, wometa mpala, wa mawu osasa. Aliyense ankangomutchula kuti Aphunzitsi, kuphatikizapo a Ulemu, amene dzinalo ankaliona ngati lawo. Aphunzitsi anayala zida m'mbali mwa dziwe ngati akugulitsa: thanki ya mpweya yobereka kumsana, jekete yoimangirira, lamba wa zitsulo, zipsepse za kumapazi, chigalasi cha kumaso. Kuthanki kunkachoka mapaipi awiri opumira. Chopumira chakuda chinali cha m'kamwa mwako. Chachikasu chinkalendewera m'nthiti, ndipo chimenecho chinali cha mnzako akasowa mpweya.

"M'madzi simulowa nokha," anatero Aphunzitsi. "Ndipo musanalowe, mnzanu akuoneni. Mumupatse msana. Atsegule kampopi ka thanki yanu mpaka kakane kutembenuka. Mupume iye akuyang'ana geji ya mpweya. Kumsana kwanu mulibe maso."

A Ulemu ankamuona mkazi wawo ngati galimoto ya ulendo wautali. Lamba aliyense ankamukoka kawiri. Koma ikafika nthawi yoti iwo apereke msana, ankamwetulira.

"Zanga ndaona kale, mayi. Musavutike."

Aphunzitsi akawapezerera ankati, "Bambo, tembenukani," ndipo ankatembenuka akuseka ngati munthu wolola mwana kumupesa ndevu. Aphunzitsi akayang'ana kwina, zinkabwerera mwakale. Make mapasa sankalimbana nazo. Kunyumba nakonso woona zitseko, gasi ndi matayala anali a Ulemu. Woona iwowo kunalibe, ndipo palibe anaganizapo kuti angafunike.

Anaphunziranso kupatsana mpweya. Ankagwada pansi pa dziwe awiriawiri. Wina ankadutsitsa dzanja pakhosi kusonyeza kuti mpweya wamuthera, mnzake n'kumupatsa chachikasu. A Ulemu anadutsitsa dzanja pakhosi, kenako n'kuwerama pang'ono ngati akupempha dansi, ndipo analandira chopumiracho ndi manja awiri. Ophunzira ena anaseka mpaka thovu kudzaza dziwe.

"Zokongola," anatero Aphunzitsi atavuuka. "Koma munthu amene wasowadi mpweya safunafuna chachikasu. Amatenga chimene akuchiona chikutulutsa thovu."

Onse anasekanso. Make mapasa nayenso anaseka.

Makhadi a kosi yoyamba atatuluka, a Ulemu anaika awo kutsogolo kwa laisensi. Sabata yomweyo analembetsa yachiwiri, ya madzi akuya.

Imeneyo ankachitira kunja kwa mzinda, pa chidzenje chimene kale ankaswapo miyala, chimene tsopano chinadzaza madzi obiriwira ndi ozizira. Pansi pake eni malo anamizapo dala basi yakale kuti olowa m'madzi azikhala ndi choona. M'mawa wa tsikulo a Ulemu anali paliponse. Ananyamulira mayi wina thanki, anakwezera bambo wonenepa zipi ya kumsana, anafunira wina chipsepse chotayika. Anali atangogwira kampopi ka thanki yawo pamene wina anawaitananso. Pobwera anamuona mkazi wawo bwinobwino, lamba ndi lamba.

"Tembenukani nanu," anatero make mapasa, chifukwa madziwo sanawakonde maonekedwe.

"Anthu akutidikira, mayi. Zanga ndaona kale."

Anatsika atagwira chingwe, Aphunzitsi patsogolo. Kuwala kunkachepa pang'onopang'ono. Penti yofiira ya m'zikhadabo za make mapasa inasanduka yakuda. Kuzizira kunalowa m'khosi n'kutsetsereka ndi msana. Kenako basi ija inatulukira mumdima wobiriwirawo, yopanda magalasi, tinsomba tikulowa pawindo ili n'kutulukira linalo. A Ulemu analoza mpando wa dalaivala, n'kuyamba kupotokola chiwongolero cha m'malere. Make mapasa anaseka m'chopumira.

Manja aja anaima.

Anaona amuna ake akukoka mpweya, mapewa akukwera, koma thovu silinatuluke. Anakokanso. Make mapasa anayamba kufufuza chachikasu m'nthiti mwake, akudikira dzanja lidutse pakhosi monga ankachitira m'dziwe.

Dzanja silinapite pakhosi. Linabwera kumaso kwake.

Anamva chinthu chikuthyoka m'kamwa. Chopumira chinazulidwa, madzi ozizira n'kulowa m'malo mwake. Bondo linamugunda pamimba. Dzanja lina linamukankha pamphumi, chigalasi n'kupendekeka, madzi n'kudzaza mphuno. Chisanadzaze chonse anaona maso a amuna ake pafupi kwambiri, kuseri kwa galasi lawo. Maso amenewo ankawadziwa bwino kuposa wina aliyense. Anawayezapo yekha, ankadziwa kakadontho kofiirira ka m'diso lamanzere. Anali otseguka mpaka oyera onse kuonekera, ndipo ankamuyang'ana ngati momwe munthu amayang'anira chitseko nyumba ikupsa.

A Ulemu anayamba kupalasira kumwamba, akumukoka ndi paipi ngati mbuzi. Chachikasu chinali chitazungulira kumsana. Make mapasa anachifufuza, anagwira lamba, anagwira madzi. Chifuwa chinayamba kudzikoka chokha. Zimene anaganiza pa nthawiyo sizinali za mapasa kapena za Mulungu. Anaganiza kuti: ndi iwowa?

Kenako china chinakankhidwira m'kamwa mwake mwankhanza, mpweya n'kuphulikira kummero. Anali Aphunzitsi. Dzanja limodzi anagwira chopumiracho pakamwa pa make mapasa, linalo anakola jekete ya a Ulemu, ndipo anawakweza onse awiri pang'onopang'ono ngati mayi wochoka pamsika ndi ana osamvera.

Pa thandala la matabwa a Ulemu anagona chagada akupuma ngati mvukuto. Make mapasa anakhala pansi, magazi akudontha pachovala champhira. Lilime linapeza kuti dzino lakutsogolo lathyoka nsonga. Aphunzitsi anagwira kampopi ka thanki ya a Ulemu n'kukatembenuza. Kanatembenuka, n'kutembenukanso, n'kutembenukanso.

"Thanki yanu ndi yodzaza, bambo. Munangotsegula pang'ono. Pamwamba kampata kotero kamakwana, pansi sikakwana." Anayang'ana wina, n'kuyang'ana mnzake. "Anakuonani ndani?"

A Ulemu anadzuka n'kukhala tsonga, ndipo m'pamene anaona nkhope ya mkazi wawo.

"Mayi, mlomowo mwatani? Mwagunda basi?"

Make mapasa anawayang'ana m'maso nthawi yaitali. Ankafuna apeze munthu wolota zilembo. Sanamupeze. Bambowo ankafunsadi, ndipo anali atayamba kale kufunafuna kansalu koti amupukute.

Lamlungu lotsatira anakadya kwa mkulu wake wa make mapasa. Nkhani inali itafika kale, ndipo a Ulemu anapemphedwa kuti aifotokoze bwino.

"Mpweya unangoti zii," anatero, atagwira pachifuwa. "Ndinatembenukira kwa mayiwa, ndinapempha monga tinaphunzirira, ndipo iwo sanachedwe. Anandipatsa wawo. Tinakwera tikupuma thanki imodzi."

Mkulu wake anagwira pamtima, kenako anagunda amuna ake ndi chigongono. "Mwamva? Inu ngakhale rimoti simupereka."

"Ine ndingakupatse thanki yonse," anatero alamuwo, "bola utsale komweko."

Tebulo lonse linagwa ndi phwete. Mng'ono wawo wosakwatiwa anati akapeza mwamuna ngati a Ulemu adzamutsekera m'kabati. Make mapasa anamwetulira atatseka milomo, lilime lili pa dzino lija.

Masiku otsatira zonse zinali monga kale, ndipo chimenecho n'chimene chinkamuopsa. Chitseko cha galimoto chinkatsegulidwa. Ntchafu zinkabwera m'mbale yake, iye n'kumaziyang'ana mpaka kuzizira. Ankayang'ana manja a amuna ake akupaka batala pa buledi, akumanga tayi, akusisita mphaka, ndipo ankafunafuna pamene dzanja lija linabisala. Pa msewu akamusunthira mbali yopanda magalimoto, thupi lake linkaumirira lokha. A Ulemu anamupezera dokotala wa mano wabwino, ndipo iye anati adzapita, osapita.

Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro make mapasa anapita kumene Aphunzitsi ankasungira zida. Anawapeza kuseri akutsuka zovala zamphira m'mgolo.

"Kodi onse amatero?"

Aphunzitsi sanafunse kuti amatani. "Ndinaonapo m'busa akuponda mwana wake pamutu. Ndinaonapo msilikali akulirira m'chigalasi. Opempha aliponso, koma ndi ochepa, ndipo sungawadziwe ali pamtunda."

"Akuti anapempha."

"Ambiri sakumbuka. Mutu umadzilembera nkhani yoti ugone nayo."

"Ndiye weniweni ndi uti? Wotsegula chitseko kapena uja?"

"Ine ndimaphunzitsa za madzi, mayi. Za ukwati kuli ena." Anafinya mwendo wa chovala n'kuchikoloweka pa waya. "Mwawauza?"

"Ndiyambira pati? Munthu akundipatsa ntchafu ya nkhuku, ine ndizimuuza kuti munafuna kundipha?"

"Sanafune kukuphani. Sanakuoneni n'komwe."

Make mapasa anaona kuti zimenezo sizinamutonthoze.

"Kosi yachitatu ndi yopulumutsa anzako," anatero Aphunzitsi. "Bwerani nawo. Mukapanda kubwereranso m'madzi ndi iwo, mudzakhala mukuwaopa pamtunda."

A Ulemu anavomera mosangalala. Anati ndi bwino adziwe kumupulumutsa mkazi wawo, popeza iye anawapulumutsa kale.

Anabwerera m'dziwe la hotela lija. Aphunzitsi anawaphunzitsa kuti munthu wogwidwa ndi mantha m'madzi sumufikira kutsogolo, chifukwa amakukwera ngati mtengo. Umamuzungulira, n'kugwira thanki yake kumsana kumene manja ake safika. Kenako anawagawa awiriawiri, wina akhale womira, wina wopulumutsa. Anagwada pamalo osaya, poti munthu ataimirira mutu ungatuluke.

A Ulemu ndiwo anayamba kukhala womira. Anagwedeza manja mwadongosolo, anapukusa mutu, ndipo make mapasa atayandikira anamusunthira mwendo kuti adutse bwino.

"Bambo, mukumira kapena mukuimitsa basi?" anatero Aphunzitsi onse atavuuka. "Sinthanani. Mayi, inu mukhale wosowa mpweya. Muwaonetse mmene zimakhalira."

Aphunzitsi anamuyang'ana make mapasa pang'ono kuposa mmene zinafunikira, kenako anavala chopumira.

Pansi pa dziwe panali matailosi oyera ndi kapini ka tsitsi kotayika. A Ulemu anagwada moyang'anana naye, chachikasu ali nacho kale m'manja, atachitambasula ngati duwa. Ankamwetulira ndi maso. Make mapasa analavula chopumira chake. Sanadutsitse dzanja pakhosi.

Anadutsa chachikasucho ngati sanachione. Anagwira chakuda cha m'kamwa mwawo n'kuchizula ndi mphamvu zake zonse. Bondo analiponya. Chikhatho anachiika pamphumi pawo n'kukankha mpaka chigalasi chinakwera m'tsitsi. Anaika chopumira chawo m'kamwa mwake n'kukoka mpweya wautali, ndipo anawagwira pomwepo.

A Ulemu anaphiriphitha. Chachikasu chinawapulumuka n'kumavina m'madzi patsogolo pawo, koma sanachione. Anaiwala kuti akhoza kungoimirira. Make mapasa ankadziwa kuti zakwana. Anamva kuti zakwana, ndipo dzanja lake linakhalabe pamphumipo. Anali Aphunzitsi amene anabwera kumsana n'kuwanyamula bambowo ndi thanki.

A Ulemu anatsokomola nthawi yaitali atakoleka manja m'mbali mwa dziwe. Wogwira ntchito pahotela amene ankayala matawulo anaima, thawulo lili m'manja. Mlomo wa a Ulemu unkatuluka magazi.

"Mayi," anatero potsiriza, "chimenechi n'chiyani?"

"Ndachita mmene munachitira."

"Ine? Ine ndinapempha."

"Simunapemphe."

A Ulemu anatembenukira kwa Aphunzitsi ngati munthu wofuna mboni pangozi ya pamsewu.

"Bondo inu munaliika pamimba, osati pachifuwa," anatero Aphunzitsi. "Zina zonse ndi zomwezo."

A Ulemu anagwira mlomo wawo, n'kuyang'ana magazi pa zala. Kenako anayang'ana pakamwa pa mkazi wawo. Make mapasa anakweza mlomo wam'mwamba kuti dzino lioneke bwino. Anaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, monga amachitira munthu ukamuika galasi loyenera, zilembo zimene ankaziona ngati utsi n'kukhala mawu.

A Ulemu anatuluka m'madzi n'kukhala pa mpando wapulasitiki, zipsepse zili kumapazi. Make mapasa anayang'ana manja ake. Sankanjenjemera ngakhale pang'ono. Anakumbukira mmene mpweya wolanda uja unakomera, ndi mmene dzanja lake linakanira kuchoka, ndipo anamva kuzizira kumene sanakumve ngakhale pa basi paja. Iye sanali wosowa mpweya. Iye ankaona bwinobwino amene wamugwira.

Pofika pagalimoto a Ulemu anapita mbali ya mkazi wawo monga mwa masiku onse. Dzanja linafika pa chogwirira n'kuima. Anaima choncho ngati aiwala mmene chitseko chimatsegukira. Make mapasa anadikira pang'ono, kenako anatsegula yekha. Njira yonse wailesi ndiyo inkalankhula. Madzulo ake nkhuku anaigawa make mapasa, ntchafu imodzi uku, ina uko, ndipo palibe ananena za khosi.

Mayeso omaliza a kosiyo anali ku chidzenje kuja. Madzi anali obiriwira monga kale. Aphunzitsi anaima pa thandala, manja m'chiuno.

"Amene akufuna kusintha mnzake asinthe pano. M'madzi mulibe manyazi."

Sanayang'ane aliyense. Bambo wonenepa uja anasuntha pang'ono, kuonetsa kuti iye alibe mnzake. A Ulemu anali atavala zonse, akuyang'ana matabwa. Sananyamulire munthu thanki tsiku limenelo. Make mapasa anamanga lamba wake, anakoka zipsepse, anatenga nthawi yake. Atamaliza anakaima patsogolo pa amuna ake.

A Ulemu anatembenuka okha n'kumupatsa msana.

Make mapasa anaika dzanja pa kampopi. Kanali kozizira, kakang'ono ngati chotsekera botolo. Pansi pa tsitsi lawo, khosi linali litachita tsembwe. Anakatembenuza mpaka kanakana.

"Pumani ndione."

Anapuma. Muvi wa geji sunagwedezeke. Anakoka malamba awo mmodzimmodzi, ndipo mmodzi anamupeza wolefuka n'kumumanga. Kenako nayenso anapereka msana.

Atatembenukirana, a Ulemu anaona kuti chachikasu cha mkazi wawo sichili m'nthiti. Anali atachimangirira ku kamphira kozungulira khosi, chili pansi pa chibwano penipeni, poti angachipeze ngakhale maso atatseka, ngakhale manja atagwidwa.

"Chimenechi mwachiikiranji apa?"

"Cha m'kamwachi mukachifuna, tengani. Ichi ndi changa."

A Ulemu anatsegula pakamwa. Make mapasa ankadziwa mawu amene ankabwera, oti sizidzachitikanso, oti akulumbira. Anawayang'ana m'maso n'kudikira. Mawuwo sanatuluke.

"Chabwino," anatero a Ulemu.

Analowa m'madzi n'kusambira mpaka pachingwe. Kale a Ulemu ankanena kuti mayi atsogole. Tsikulo anayang'ana mkazi wawo, iye anawalozera pansi, ndipo anatsogola iwo. Make mapasa anatsatira pambuyo pang'ono, kumsana kwa thanki yawo, pafupi moti akanatha kuigwira, akuyang'ana thovu lawo likukwera.